A Kalinde ndi Matelala a ku Amereka

Ku Namitambo kuno, mlendo aliyense wotsika minibasi ndi chikwama ankayamba wamva nyimbo za a Kalinde asanadziwe kumene kuli mjigo. Sindikukokomeza ayi. Anamwino, alangizi a zaulimi, apolisi, ngakhale m'busa wina amene anangobwera kudzalalikira Lamlungu limodzi, onsewo anakhalapo pa benchi ya pakhonde la sitolo ya Che Bakili, khutu lili pa wailesi ya kaseti, a Kalinde atawagwira pamkono kuti asathawe.

Musaganizetu kuti ankafuna mumve woimba. Woimba ankadana naye. Nyimbo zake zinali za kantiri, zija za azungu a zipewa zazikulu, koma mzunguyo akangotsegula pakamwa, a Kalinde ankatsitsa voliyumu n'kuyamba kukufunsani za mvula ya kwanu. Mawu akangotha, iwo chala pamlomo, voliyumu m'mwamba. Chimene ankafuna ndi gitala ina yolira chakumbuyo, ija imatsetsereka ngati munthu wodandaula atatseka pakamwa. Iwo ankaitcha chitsulo cholira.

Ine ndine Ruth, mphunzitsi, kwathu ndi ku Dedza. Ananditumiza kuno mu 2018, ndipo tsiku lachiwiri ndinatenga siketi kuti telala akandichepetsere m'chiuno. Telalayo anali a Kalinde, mdala wamtali, woonda, tepi m'khosi, magalasi omanga ndi ulusi.

"Ndinu alendo, madamu?"

"Eya, bambo."

"Chitsulo cholira munachimvapo?"

"Ayi."

"Ayi?" Anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati ndanena kuti sindinasambepo chibadwire. "Che Bakili, tabwerani mudzaone! Munthu wapita mpaka ku koleji, akubwera kudzaphunzitsa ana athu, koma chitsulo sanachimve!"

Che Bakili anasuzumira pawindo la sitolo. "Thawani madamu. Siketiyo ingoisiyani, tiiyesa nsembe."

Sindinathawe. Ntchito ya mphindi khumi inatenga masiku asanu ndi anayi.

Chuma chonse cha a Kalinde chinali makaseti asanu. Anawapeza mu 1991 m'matumba a chijekete cha pakaunjika chimene munthu anabweretsa kuti achidule manja. Mwini wake anati makasetiwo alibe nawo ntchito, kenako chijeketecho sanabwerenso kudzachitenga. Pa makasetiwo panalibe dzina ngakhale limodzi, choncho a Kalinde anawatcha okha mayina oliza chitsulo aja, ndipo ankawazindikira ndi khutu monga mmene mumazindikirira kutsokomola kwa m'bale wanu. Mlendo ankamuyambitsa mwadongosolo lake, ngati mankhwala a kuchipatala.

"Inu muyamba ndi Wachimfine," anandiuza. "Ameneyu ndi wofatsa, sakudzidzimutsani. Amayenda pang'onopang'ono, mawu ake akutulukira m'mphuno. Masiku atatu. Mukazolowera ndikupatsani Minibasi ya ku Limbe. Ameneyo alibe mabuleki, koma modabwitsa amafika."

"Nanga kaseti yofiirayo?"

Anaichotsa msanga pathebulo n'kuibisa m'thumba. "Ameneyo ndi Namfedwa! Mlendo sayamba ndi Namfedwa, madamu. Mlangizi wina anaumirira, tsiku lomwelo analemba kalata yopempha kubwerera kwawo. Ameneyu mumamumva mutadya, komanso pali anthu."

Panalinso Wakuba Nkhuku, amene amalowa mu nyimbo osamumva, mukamati mutchere khutu iye watuluka kale. Koma amene ankamukonda kuposa onse, womaliza pamndandanda, anali Mkamwini.

"Tamumvani," ankanong'oneza, maso atatsinzina. "Ali kumbuyo. Salimbana ndi mwini nyimbo. Woimba akapuma, iye amatseka mpatawo. Woimba akabwera, iye amapatuka. Ntchito yonse akugwira ndi iyeyo, koma kutha kwa nyimbo manja awombera wina."

Dzina limenelo sanalitole pamsewu. A Kalinde kwawo kunali ku Mpama. Kuno anabwera kudzakwatira, n'kukhala pamudzi pa akazi awo monga mwa mwambo wa kuno. Nyumba inali ya mayi Idesi, munda wa mayi Idesi, ndipo makina osokera amene ankadyetsa banja lonse anali a mayi Idesi, owasiyira atsibweni awo. Ku Mpama makolo a a Kalinde anatha kalekale, kamunda kawo adzukulu anagawana. Mdala wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri akanati athamangitsidwe, akanakafikira pakhonde la munthu.

Ndiye tsiku loyamba kuwaona mayi Idesi ndinachita mantha. Anafika masana ndi kambale ka chinangwa chophika, mayi wamfupi, wojintcha, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu. Anapeza makina ali zii, amuna awo atatsinzina, ine ndili kakasi pa benchi.

"Abambo ake a Miriam! Diresi la eni ake lija latha?"

"Likutha, amayi."

"Likutha lili m'thumba? Inu mupita kwanu! Mwamva? Mupita kwanu ku Mpama, mukawaimbire anyani a m'phiri zimenezi!"

Ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina wina aleretsa. Che Bakili ankayeza shuga. Mayi wogulitsa mandasi ankaingitsa ntchentche. A Kalinde eni ake anali atayamba kale kudya chinangwa chija.

"Musadandaule, madamu," anatero Che Bakili mayiwo atapita. "Ameneyo ndi moni. Tsiku limene sadzanena zimenezo, mudzadziwe kuti kwaipa."

Lamulo lenileni linali limodzi lokha, ndipo Namitambo yense ankalidziwa. A Kalinde anali ndi dzanja lomasula zinthu. Anaphapo magitala atatu ndi wailesi imodzi pofunafuna kumene kulira kuja kumachokera. Mayi Idesi anapirira zonsezo, koma za makina ananena pamaso pa ankhoswe kuti tsiku limene kabawuti kamodzi kadzamasulidwe popanda chifukwa, ukwati watha.

Chimene chinkawazunza a Kalinde chinali funso limodzi. Ali mwana anaonapo madala akuimba hawayani, gitala ataigoneka pamiyendo, akutsetsereza botolo pamawaya. Iwonso anayesa kwa zaka zambiri. Zinkafanana, koma sizinkafika.

"Tamvani apa, madamu. Botolo laima, silikusuntha, ndikulimva ine. Dzanja linali likukodola mawaya. Koma mawu akukwera! Akukweza ndi chiyani? Munthuyu ali ndi manja atatu?"

"Kaya, bambo."

"Ine ndikuganiza kuti ndi mapasa. Mmodzi amabisala pansi pa thebulo."

Funso limeneli ndinalimva chaka chathunthu. Ine mtima wanga ndi waufupi, ndipo apa m'pamene ndinalakwa. Tsiku lina ndili pa holide ndinagula bandulo, ndinafufuza pa foni, mpaka ndinapeza kanema wa mzungu wina wa imvi akuliza chinthucho. Pachizungu amati pedulo sitilu. Ndinathamanga nayo foniyo ngati ndatola ndalama, ndili ndi mtima woti funso la manja atatu lithe lero.

A Kalinde anapukuta magalasi, anaigwira foniyo ndi manja awiri. Mzunguyo anali atakhala pampando, kutsogolo kwake kathebulo ka miyendo yachitsulo, mutu atawerama, manja ali pamwamba. Kenako wojambula anatsitsa kamera n'kuonetsa kunsi. Phazi linali kuponda zopondera. Bondo linali kukankha kachitsulo.

A Kalinde anaimirira. Anakhala pansi. Anaimiriranso.

"Ndi telala!"

"Bambo?"

"Ameneyu ndi telala! Che Bakili! Amayi a mandasi! Tabwerani! Taonani kakhalidwe, taonani msana! Taonani phazi, abale, akupondatu makina uyu!" Anadzigwira kumutu. "Mayo ine. Zaka zonsezi ndakhala ndikufunafuna dzanja lachitatu, chikhalirecho ndikuliponda ndi phazi kuyambira m'mawa mpaka madzulo."

Ndinayesa kuwauza kuti si matelala, ndi oimba basi. Ndinawawerengera ngakhale mayina enieni a akatswiri a chidacho amene foni inandionetsa. Anandiletsa ndi dzanja.

"Amenewo ndi mayina a pachiphaso, madamu. Ife timadziwana pantchito."

Kuyambira tsiku limenelo mndandanda uja unasintha kafotokozedwe. Wachimfine anakhala telala wa madiresi aukwati, wosoka mosathamanga. Minibasi ya ku Limbe anali wa mayunifolomu, msoko wokhotakhota koma Lolemba mwana wavala. Namfedwa ankasoka nsalu za m'bokosi. Mkamwini anali wa zigamba, uja amagamba buluku mwini wake osaona pamene panang'ambika. Ine ndinkaseka nawo. Sindinaone mmene ankayang'anira kunsi kwa makina a akazi awo.

Sabata yomaliza ya holide, mayi Idesi anapita ku Limbe masiku atatu kukaona mwana wawo Miriam amene anali atachira kumene. Sukulu inali kutsegulidwa Lolemba, ndipo pakhonde panali mulu wa nsalu za mayunifolomu wofika m'chiuno. Loweruka m'mawa ndinadutsa pasitolo kuti ndigule sopo. Ndinaima ngati ndapondedwa ndi galimoto.

Mutu wa makina unali m'beseni, pansi, atauphimba ndi kansalu. Pathebulo la makina panali thabwa, pathabwapo mawaya asanu ndi limodzi, kumapeto kwake chigubu cha mafuta ophikira. Waya wina anatsika kukamangidwa ku chopondera. Pafupi ndi bondo panalendewera chogwirira cha buleki ya njinga.

"Bambo Kalinde! Mwatani?"

"Ndabwereka pang'ono, madamu. Amayi abwera mawa. Pofika mawa zonse zikhala m'malo mwake."

"Nanga mawayawa mwawatenga kuti?"

Yankho linali kubwera lokha. Che Bakili anatulukira pamsewu akukankha njinga, mkanjo wawo woyera uli bii ndi dothi, masamba a nandolo ali m'ndevu, chisoti chili m'manja. Anali atapita kukatenga katundu kumudzi, ndipo za mabuleki anazidziwira pakati pa chitsetso.

"Walahi, Kalinde," anatero akupuma mwabefu, "zaka makumi atatu ndakusunga pakhonde langa. Ukanandipempha! Ndadutsa pakati pa mbuzi, ndadutsa pakati pa amayi a Mvano, ndaima chifukwa munda wa nandolo unandimvera chisoni!"

Tisanathe kuseka kapena kulira, minibasi inaima patsidya. Anatsika mayi Idesi. Anafulumira ndi tsiku limodzi.

Anayang'ana thabwa. Anayang'ana chigubu. Anawerama n'kuvundukula kansalu ka pabeseni, n'kuona mutu wa makina a atsibweni awo uli chagada. Tonse tinadikira mawu aja. Ine ndinkachita kuwapempherera mumtima kuti anene. Sananene kanthu. Anabwezera kansalu bwinobwino, n'kutembenuka, n'kulunjika kunyumba.

"Kwaipa," anatero Che Bakili chapansipansi, ukali wonse wa njinga utawathera.

Patapita kanthawi mayi Idesi anabwera atasenza sutikesi yakale yomanga ndi chingwe, chijekete cha pakaunjika chija chili paphewa. Anatula pamapazi pa amuna awo, n'kukweza dzanja kuitana wa kabaza. Msika wonse unali utasonkhana. Ine ndinapita kukaima pamaso pa mayiwo, chifukwa ndinkadziwa amene anayatsa moto umenewu.

"Amayi, wolakwa ndine. Ndine ndinawaonetsa pa foni."

"Madamu," anandiyankha osandiyang'ana, "foni yanu ili ndi sipanala?"

Ndinabwerera m'mbuyo.

A Kalinde anavala chijekete chija dzuwa lili pamutu. Sanachonderere, sanadziikire kumbuyo. Anangoti, "Amayi, ndalakwa. Koma ndichilizeko kamodzi ndisanapite. Sindinachiyese n'komwe."

Mayi Idesi anapinda manja pachifuwa. Sanavomere, sanakane.

A Kalinde anakhala pampando, anatenga kabotolo ka mankhwala a chifuwa, anakaika pamawaya. Abale inu, zimene zinatuluka pamenepo sindinazimvepo chibadwire. Mbuzi za pamsika zinadula zingwe. Galu wa kubutchala analowa pansi pa minibasi n'kukana kutuluka. Mwana wina kumbuyo kwa mayi ake analira mpaka kutsamwa. Che Bakili anatseka makutu ndi chisoti. Ndinaganiza kuti mdalayu wangodzikwezera yekha pakabaza.

Kenako anaimitsa botolo malo amodzi. Anakodola waya. Anatsitsa phazi pa chopondera pang'onopang'ono. Mawu aja anakwera okha, mosalala, botolo lisanasunthe, n'kukaima pamwamba akunjenjemera. Anali mawu omwe aja a m'kaseti.

A Kalinde anauma, phazi lili pomwepo, misozi ikutsikira m'magalasi. "Mwamva?" ananong'oneza. Sindikudziwa ankafunsa ndani.

"Ameneyo ndi Mkamwini," anatero mayi Idesi. "Kaseti yachisanu, mbali yachiwiri, nyimbo itatsala pang'ono kutha. Koma iye sakhalitsa pamwamba ngati inuyo. Amafika n'kubwerera."

Che Bakili chisoti chinawagwa m'manja.

"Amayi, inu mumamvera?" anafunsa a Kalinde.

"Ndili ndi makutu a chikuni ine? Zaka zonsezi mukuliza m'nyumba mwanga?" Anawerama n'kunyamula sutikesi ija. "Wakabaza, pita, ndakutayitsa nthawi. Sindingatumize manyazi awa ku Mpama, anthu angati ndine ndinawapengetsa. Inu, mutu wa makinawo ubwerere pamalo pake ndikuona. Mayunifolomu akapanda kutha pofika Lolemba, mupita kwanu!"

Anthu anawomba m'manja ngati timu yagoletsa. Sindinamvepo mawu oopseza akulandiridwa ndi nthungululu, koma tsiku limenelo ndinamva. Mayunifolomu anatha Lamlungu dzuwa lisanalowe, ena matumba ali chozondoka. Mwezi wotsatira Che Bakili anabwera kuchokera ku Limbe ndi thebulo la makina akutha, lopanda mutu, n'kuwapatsa a Kalinde. Anati sikuti ndi chikondi, akungoteteza njinga yawo.

Chitsulo cha a Kalinde chinakhala pakhonde paja zaka zisanu. Kuimba kwenikweni sanakuphunzire, tisanamizane. Koma mlendo aliyense akamaliza mndandanda, kuchokera kwa Wachimfine mpaka kwa Mkamwini, ankamulizira mawu amodzi aja, kufika n'kubwerera, monga anawalangizira akazi awo.

Chaka chatha mu Juni, kukuzizira, anayamba kutsokomola. Sabata ziwiri zokha. Anatisiya Lachitatu m'mawa, tepi ili pamutu pa bedi.

Masana ake inafika pikapu kuchokera ku Mpama. Anatsika a Mikaele, mwana wa mlongo wawo wa a Kalinde, ndi akuluakulu ena. Ine za mwambo umenewu ndinali ndisanaziganizire. Mkamwini akamwalira amakagona kwawo, kumanda a amayi ake. Aliyense pamalirowo ankadziwa zimenezi, ndipo mayi Idesi ankazidziwa kuposa tonse. Koma anthu aja atayamba kukonza zonyamula bokosi, mayiwo anadzuka pamphasa n'kukaima pakhomo.

"Mukupita nawo kuti?"

"Kwawo, amayi," anatero a Mikaele mwaulemu, chipewa chili m'manja.

"Kwawo ndi kuno. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Mitengo iyi anadzala ndi iwo."

"Tikudziwa, amayi. Koma mwambo mukuudziwa. Amayi awo ali uko, alongo awo ali uko." A Mikaele anazengereza, kenako anayesa kufewetsa nkhani ndi kanthabwala. "Komanso paja inu nomwe munkanena tsiku ndi tsiku kuti apite kwawo. Ife tinkamva tili ku Mpama."

Palibe anaseka. Mayi Idesi anayang'ana a Mikaele, anayang'ana bokosi, ndipo mayi wa mawu omveka kutsidya kwa msewu uja anayankha motsitsa moti tinamva ndife tinali pafupi tokha.

"Ndinkangonenatu ine."

Akuluakulu anakambirana mpaka dzuwa kupendeka, koma mwambo sunasunthe. Anawanyamula. Tinakawaika ku Mpama tsiku lotsatira, phiri lili pamwamba pathu, pamalo pamene mwina anthu asanu okha ndi amene ankadziwa kuti munthuyu ankakonda chiyani. Ine ndinalira mokwiya, ndipo mpaka lero ndikaganiza ndimakwiyabe.

Masiku ano pakhonde la Che Bakili pali phee. Makina osokera anapita kwa Miriam. Mbuzi zimadya mwamtendere. Alendo amatsika minibasi, amafunsa kumene kuli mjigo, anthu n'kuwalozera, basi nkhani yathera pomwepo. Che Bakili amati masana amatalika, ndipo nthawi zina amapezeka akuyeza shuga yemweyo kawiri. Thebulo la mawaya lija anakana kuti lichotsedwe. Amalipukuta okha m'mawa uliwonse, uku akulitukwana.

Mwezi wathawu kunabwera mphunzitsi watsopano kusukulu kwathu, mnyamata wa ku Mzimba. Ndinamuperekeza kusitolo kuti akagule ndowa. Pa benchi paja tinapeza mayi Idesi, ataonda, mpango wakuda kumutu, wailesi ya kaseti ili pamiyendo. Sindinawaonepo atakhala pamenepo chiyambire.

"Ndinu alendo, aphunzitsi?"

"Eya, amayi."

"Chitsulo cholira munachimvapo?"

Mnyamatayo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa maso anali atayamba kale kundiwotcha. Che Bakili anasuzumira pawindo, anatsegula pakamwa kuti anene zoti athawe, koma mawu sanatuluke.

"Khalani apa," anatero mayi Idesi, akusendera kuti apeze malo. "Eni ake ankayambitsa ndi Wachimfine. Ine ndikuyambitsani ndi Mkamwini. Ameneyu mukachedwa kumumvetsera, mumadzazindikira atapita."

Anadina batani, n'kumugwira mnyamatayo pamkono.